Mmene mungalembere uthenga wa bizinesi woti munthu asachite kukufunsaninso

Uthenga wa bizinesi ntchito yake ndi imodzi basi, yoti amene waulandira adziwe chochita popanda kufunsanso funso lina. Zina zonsezi, kaya ndi Chingerezi cha m'mphuno kaya ma emoji a maluwa, ndi zongowonjezera. Koma taonani mauthenga amene tikutumizirana pa geni masiku ano, wina angolemba kuti "bho" kenaka zii, kudikira kuti umuyankhe kaye asananene chimene akufuna, wina nde akulembera chikalata cha ndime zisanu chodzaza ndi ulemu koma ukafika kumapeto sukudziwabe kuti akufuna matumba angati a simenti. Anthu awiriwa onse anapita kusukulu, onse ali ndi foni yabwino, ndipo onse akuluza ndalama osadziwa kuti vuto lili pa kalembedwe. Zimandiwawa chifukwa ambiri ndi anthu olimbikira, katundu wawo ndi wabwino, ntchito amaidziwa.

Kalembedwe kathu tinakatenga malo awiri, m'kalasi ndi pa foni, ndipo ndi bwino kudziwa chimene malo alionse anatipatsa ndi chimene anatimana. Kusukulu tinaphunzira kalata yamchezo ndi kalata yantchito, keyala pamwamba, tsiku, malonje, mutu, thunthu, mathero. Tinaphunzira chimangirizo, lembetso, chifupikitso. Zonsezi ndi zabwino ndipo musazitaye. Koma wowerenga anali mmodzi yekha, mphunzitsi wa cholembera chofiira, ndipo cholinga chinali mamalikisi. Kalata ija sinapiteko kwa munthu woti akaiwerenga apise m'thumba. Nde tinazolowera kulembera wochonga, kuloweza ziganizo zoyambira, kutalikitsa nkhani kuti mawu akwane chiwerengero chimene mayeso a MANEB akufuna, pomwe pa bizinesi wowerenga alibe nthawi, ali pa mzere ku banki kapena akuthandiza kasitomala wina uku diso lina lili pa foni.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwa ana. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha, chinali chinthu chabwino kwambiri kwa mabanja osauka koma makalasi anadzadza, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 angachonge zimangirizo zingati pa sabata? Kulemba munthu amakuphunzira polemba, wina n'kumukonza, iye n'kulembanso, ndipo ambiri aife mwayi umenewo tinaupeza mwa apo ndi apo. Onjezeranipo zoti kwa zaka zambiri ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4 kenaka Sitandade 5 zonse n'kusinthira m'Chingerezi, ndiponso kuti ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE sumaiona olo maphunziro ena onse utakhoza. Zotsatira zake ndi zoti munthu amaganiza m'Chichewa, amaopa kulemba Chingerezi kuti amuseka, komanso palibe anamuuzapo kuti Chichewa chomwecho angalembere nkhani ya ndalama mwadongosolo.

Foni inabwera ndi zake. Nthawi ya ma SMS uthenga umodzi unkalola zilembo 160 zokha ndipo ukapitirira amakudula mayunitsi a mauthenga awiri, nde kudula mawu kunali nzeru, "bwanj", "zkm", "ndkbwera". Lero tili pa bandulo ya WhatsApp, chilembo sichilipiritsidwanso koma chizolowezi chinatsala. Komabe ine sindili m'gulu la amene amati Facebook ndi WhatsApp zaononga ana basi. Achinyamata a lero amalemba tsiku lililonse kuposa mmene makolo athu ankalembera mwezi wonse, amadziwa kukopa munthu ndi mawu ochepa, amadziwa nthawi yomweyo ngati zimene alemba zamveka kapena ayi. Chimene foni sinatiphunzitse ndi kusiyanitsa gulu la anzathu a kusekondale ndi munthu amene tikufuna atikhulupirire ndi ndalama zake.

Nde poyambira ndi apa. Musanagwire foni dzifunseni kuti munthu uyu akamaliza kuwerenga ndikufuna achite chiyani. Atumize ndalama? Andiuze mtengo? Abwere Lachisanu? Ngati inuyo simungayankhe ndi chiganizo chimodzi ndiye kuti uthengawo sunapse, dikirani kaye.

Uthenga woyamba kwa munthu amene sakudziwani ukhale umodzi, wokwanira, osati tizidutswa khumi tolira motsatizana m'foni mwake. Moni ndi wofunika, ife sitiyamba nkhani popanda moni ndipo pa foni tisasinthe zimenezo, koma moniyo abwere pamodzi ndi nkhani. Nenani kuti ndinu ndani, nambala yake mwaitenga kuti, mukufuna chiyani, chochuluka bwanji, liti. Mwachitsanzo, m'malo mwa "bho bwana" n'kudikira mpaka madzulo, lembani chonchi:

"Mwadzuka bwanji bambo. Ndine telala, shopu yanga ili mumsika wa Ndirande, nambala yanu ndaiona pa chikwangwani cha shopu yanu ku Limbe. Ndikufuna nsalu ya yunifolomu yabuluu, mamita 40. Mundiuzeko mtengo wa mita imodzi komanso ngati ilipo yokwanira, ndikufuna kudzatenga Lachinayi m'mawa. Zikomo."

Munthu wolandira uthenga umenewu akhoza kuyankha ali chiimire, mtengo ndi wakuti, ilipo, bwerani. Mwaonanso kuti palibe mawu apatali olo amodzi, ndi Chichewa cha tsiku ndi tsiku chomwechi, kungoti mawu ndi athunthu ndipo pali mpumiro pamene ganizo latha. Mpumiro ndi mpatuliro musazione ngati za mayeso chabe, ndi zimene zimathandiza munthu wowerenga mothamanga kuti asasakanize mtengo ndi chiwerengero.

Za ulemu ndinene pang'ono. Kasitomala amene simunazolowerane naye ndi "inu", ndi mayi, bambo, achimwene, achemwali, bwana. Olo pa chithunzi akuoneka wamng'ono kwa inu, "iwe" musiyeni. Komanso mawu ngati "dear", "swt", "mami" kwa munthu amene simukumudziwa amakhumudwitsa ambiri, ena sanena amangosiya kuyankha. Mbali inayi, ulemu wopitirira nawonso umabisa nkhani, "pepani kwambiri bwana ndakusokonezani ndikudziwa ndinu otanganidwa koma ndimati mwina ngati kungatheke" mizere inayi yatha musanatchule chimene mwadzera. Pepani mmodzi wakwana.

Tsopano kwa amene mumaika katundu pa status kapena m'magulu ogulitsirana a pa Facebook. Ikani mtengo. Ndikudziwa zifukwa zimene ambiri amabisira, ena amaopa anzawo a geni yomweyo kuti atsitsa, ena amafuna aone kaye munthuyo kuti amutchaje molingana ndi maonekedwe, koma kunena kuti mtengo ku inbox kumathamangitsa anthu ambiri kuposa amene kumakopa. Munthu amene ali ndi ndalama m'manja koma alibe nthawi amangodutsa kupita kwa amene walemba mtengo, amene amabwera ku inbox ambiri ndi ongofunsa, nde mumatha bandulo kuyankha "zingati" tsiku lonse. Status imatha pa maola 24, choncho zonse zofunika zikhale pomwepo:

"Nsapato za ana asukulu zakuda, saizi 28 mpaka 35. K18,000 peyala. Ndili ku Area 25 pafupi ndi msika wa Nsungwi. Mumzinda muno ndimabweretsa, yakabaza mumalipira nokha. Akutali ndimatumiza pa courier Lachiwiri ndi Lachisanu."

Ngati ndi za kaunjika nenani kuti ndi za kaunjika, ngati pali pamene panang'ambika jambulani pomwepo ndipo mulembe. Chithunzi chikhale cha katundu amene muli nayedi, osati chotenga pa intaneti, chifukwa mkangano wa "si zimene ndinaona pa chithunzi" umatha ndi munthu kukuikani m'gulu lonse kuti ndinu wakuba.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa kutsimikizira zimene mwagwirizana, chifukwa apa ndi pamene maubale ambiri amathera. Mwayankhulana pa foni mphindi khumi, mwaseka, mwagwirizana, aliyense wadula ali wokondwa koma aliyense wamva zake. Inu mwamva kuti atenga Loweruka, iwo amva kuti mubweretsa Lachisanu. Inu mukuti dipoziti sibwezedwa, iwo sanamvepo zimenezo. Nde dzizolowezeni kuti mukangomaliza kuyankhulana, nthawi yomweyo, mulembe uthenga wobwereza zonse:

"Kuti timvane bwino mayi. Keke imodzi ya vanila ya anthu 30, pamwamba ndilemba mawu mwatumiza aja. Mtengo ndi K65,000, mwapereka K30,000 lero pa 4 Juni, yatsala K35,000 yodzapereka potenga. Kutenga ndi Loweruka pa 14 Juni, 10 koloko m'mawa, kunyumba kuno. Mukasintha maganizo kutatsala masiku awiri dipoziti sindibweza chifukwa ndimakhala nditagula kale zipangizo. Ngati zili bwino mungoyankha kuti eya."

"Eya" ameneyo ndi wamtengo wapatali. Ena amachita manyazi kulemba chonchi, amati munthu aona ngati sindikumukhulupirira, makamaka akakhala wachibale kapena wa kutchalitchi kwawo, koma amene ali ndi maganizo olipira sakhumudwa ndi uthenga wotere, amamasuka chifukwa nayenso watetezeka. Ndipo dziwani kuti Malawi ali ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limene limazindikira mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta, nde zimene mwalemberana sizongocheza ayi, zikhoza kudzakuthandizani nkhani ikafika patali.

Onaninso mmene ndalama ndi masiku zalembedwera mu uthengawo. Manambala alembeni m'manambala, K35,000, osati "sate faifi" kapena "35" yekha woti wina amve K35,000 wina amve K3,500. Tsiku litchuleni dzina ndi deti yomwe, chifukwa "mawa" wolembedwa usiku n'kuwerengedwa m'mawa amasanduka tsiku lina, ndipo "sabata ya mawa" ili ndi masiku asanu ndi awiri. "Ndikubwera pompano" si nthawi. Potumiza nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba lembani dzina limene nambalayo inalembetsedwa, ndipo munene poyera ngati mukufuna awonjezere yotapira, osati ndalama italowa kale nde muziti yaperewera. Akaunti ya kubanki chimodzimodzi, dzina la banki, dzina la akaunti, nambala, ndipo nambalayo ikhale mu uthenga wakewake kuti munthu angokopera osalakwitsa.

Pali chifukwa chinanso cholembera bwino pa nkhani ya ndalama. Tonse tinalandirapo mauthenga aja a akuba akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ina ija yavuta. Anthu anapsa nazo ndipo tsopano uthenga uliwonse wodukaduka, wopanda dzina, wofulumizitsa munthu kutumiza ndalama amaukayikira. Inu mukalemba mofanana ndi akubawo musadabwe munthu akayamba kuzengereza. Mukasintha nambala yolandirira ndalama imbani, munthuyo amve mawu anu, kenaka mulembe.

Ma voice note ali ndi malo ake. Kwa agogo amene maso anafooka, kwa kasitomala amene kuwerenga kumamuvuta, kapena pofotokoza njira yokafika kwanu, ndi abwino. Koma mtengo, chiwerengero, deti, nambala ya akaunti, izi zilembedwe. Munthu sangamvetsere mphindi zinayi mu minibasi kapena mu ofesi, ndipo pakatha mwezi mukakangana palibe amene angafufuze mawu amodzi m'ma voice note 50. Mukalandira oda pa voice note, inuyo muibwereze polemba.

Abale amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain n'kumamangitsa nyumba kumudzi nkhani iyi akuidziwa bwino, ndalama zimatumizidwa ndi mawu akuti mugule zofunikazo, pakatha miyezi iwiri palibe akudziwa kuti simenti inali matumba angati, malata anali a geji yanji, mmisiri analandira zingati. Onse awiri, wotumiza ndi wolandira, azilemba mndandanda nthawi iliyonse ndalama ikayenda, chagulidwa ndi ichi, mtengo wake uwu, yatsala iyi, chithunzi cha lisiti ichi. Chibale chimasungika ndi timauthenga totere.

Nanga tilembe m'chiyankhulo chanji? Yankhani m'chimene kasitomala wayambira. Akalemba Chichewa musamuyankhe Chingerezi pofuna kuoneka apamwamba. Ndipo ngati Chingerezi chanu chimagwedera, Chichewa chomveka bwino chimagulitsa kuposa Chingerezi chothyokathyoka, palibe chamanyazi pamenepo. Kusakaniza timasakaniza tonse, palibe amene anganene "delivery" kapena "size" m'njira ina pa geni, chofunika n'chakuti wowerenga asasochere. Mukamalemba Chichewa zimitsani autocorrect chifukwa imasintha mawu athu kukhala achingerezi osagwirizana n'komwe, ndipo mukaona cholakwika mutatumiza kale, WhatsApp imalola kukonza uthenga pasanathe mphindi 15. Kumene Chingerezi sichithawika ndi kumakampani, ku mabungwe, ku maofesi a boma pa nkhani za ma tender, ndi kwa ogulitsa akunja. Kumeneko lembani ziganizo zifupizifupi, ganizo limodzi chiganizo chimodzi, mawu amene mukuwadziwa tanthauzo lake. Mawu akuluakulu aja tinkaloweza kuti tikometse chimangirizo asiyeni. Google Translate ili ndi Chichewa ndipo ChatGPT ikhoza kukukonzerani kalata, zigwiritseni ntchito, koma werengani mzere uliwonse musanatumize chifukwa dzina limene lili pansi ndi lanu, ndipo ngati muli chiganizo chimene simungachifotokoze mutafunsidwa chichotseni.

Kotesheni ndi lisiti ndi pamene zimene tinaphunzira pa kalata yantchito zimagwira ntchito. Sukulu kapena kampani ikakupemphani kotesheni musatumize uthenga wa mzere umodzi. Pamwamba dzina la bizinesi yanu ndi kumene muli, deti, dzina la amene mukuwalembera, kenaka katundu aliyense pamzere wake, kuchuluka, mtengo wa chimodzi, mtengo wa zonse, thiransipoti payokha, pansi chiwonkhetso. Mulembenso kuti mudzapereka pakatha masiku angati ndipo malipiro mukufuna motani. Chimene ambiri amaiwala ndi kulemba kuti mtengowu ukhala mpaka liti. Amene anali pa geni mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti akukumbuka mmene mitengo inasinthira masiku ochepa, munthu kubwera ndi kotesheni ya mwezi watha n'kumati munalemba nokha. Mzere umodzi woti mtengo uwu ndi wa masiku 7 umakupulumutsani. Itumizeni ngati PDF, osati chithunzi cha pepala lojambulidwa usiku.

Kulonjerera ngongole ndi kuyankha madandaulo, apa mtima umathamanga kuposa zala. Mukakwiya musalembe, ikani foni pansi, mudzalembe mtima utatsika. Uthenga wolonjerera ukhale ndi ndalama yake, tsiku limene munagwirizana, ndi funso limodzi:

"Mwaswera bwanji achimwene. Ndimati ndikukumbutseni za K35,000 yotsala pa katundu munatenga uja, tinagwirizana kuti mupereka pa 30. Lero ndi pa 5. Mundiuzeko tsiku limene mutumize kuti nanenso ndidziwe pokaoda wina."

Mulibe chipongwe, mulibe kupembedza. Zoika chithunzi cha munthu pa Facebook kuti uyu ndi wakuba, kapena kuombera m'mbali pa status kuti anthu ena ngongole kubweza ayi koma mawigi atsopano, zimakoma mphindi zochepa koma makasitomala ena onse akuona ndipo akuganiza kuti tsiku lina adzakhala iwowo. Lamulo lomwe lija la 2016 lilinso ndi zilango kwa ozunza anzawo pa intaneti, nde mukhoza kupezeka woyankha mlandu ndinu amene munaberedwa. Kasitomala akadandaula pagulu muyankheni pagulu pomwepo mwaulemu ndi mawu ochepa, kuti mwamva ndipo mukumuimbira, zotsalazo mukathere kumbali. Ndipo ngati mwachedwa ndi katundu lembani inuyo iye asanafunse, nenani tsiku latsopano, kukhala chete uku mizere iwiri yabuluu ikuoneka ndi kumene kumapsetsa mtima kwambiri.

Kwa osaka ntchito, imelo si WhatsApp. Yambani ndi adiresi yanu ya imelo, ikhale ya dzina lanu lenileni, ija munatsegula muli Fomu 2 ya dzina lachibwana isiyeni ya anzanu. Pamzere wa subject lembani udindo umene mukufunsira monga mmene aulembera pa chidziwitso, chifukwa wolandira ali ndi maimelo ambirimbiri ndipo amasefa ndi mzere umenewo. M'kati musasiye mopanda kanthu, lembani ziganizo zitatu kapena zinayi, ndinu ndani, mukufunsira chiyani, mwaphatikiza chiyani. Kalata ndi CV zikhale PDF ndipo mafailowo muwatche dzina lanu, osati "Document1". Masatifiketi asikanidwe bwino, foni yomweyo imatha, kapena pitani pa kafe, ndaonapo satifiketi yojambulidwa pa bedi, chitenje chamaluwa chikuoneka m'mbali ndi chala cha wojambula pakona, munthu wa magiredi abwino koma wowerenga wayamba kale kumukayikira.

M'kalatamo pewani kupempha chifundo. Ambiri timalemba za mavuto a kunyumba, kuti ndine woyamba kubadwa, abale akudalira ine, ndi zoona ndipo ndi zowawa, koma wolemba ntchito akufuna adziwe chimene mudzamuchitire. Werengani chidziwitso cha ntchitoyo, tengani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene akufuna, pa chilichonse nenani pamene munachichitapo. Ngati munagulitsapo mu shopu ya amalume n'kumasunga buku la ndalama, nenani zimenezo, ndi luso. Kalata imodzi yomweyo yotumiza kulikonse imadziwika, pena mpaka dzina la kampani ina limatsalira m'kati. Akakupatsani nambala ya foni ya bwana musalembe 11 koloko usiku, ndipo yang'anani chithunzi chanu cha pa WhatsApp ndi zimene mumalemba pa ma comment a Facebook, chifukwa wolemba ntchito akhoza kuziona zonsezo.

Luso limeneli limakula ndi chizolowezi. Musanadine kutumiza werengani uthengawo mokweza kamodzi, pamene lilime lapunthwa ndi pamene wowerenga apunthwenso. Dziyeseni ngati ndinu wolandirayo, simukudziwa kalikonse za nkhaniyi, mungafunse funso lanji? Yankho lake liikeni mu uthengamo. Werenganinso zolembedwa bwino, masamba a Chichewa ngati Tamvani mu Weekend Nation kapena nyuzipepala ya Boma Lathu mukaipeza, diso limazolowera masipelo olondola osachita kuloweza malamulo. Amene muli ndi ana a kusekondale apatseni ntchito yeniyeni, alembe uthenga wopita kwa amene mumaodako katundu, alembe lisiti, inu muone musanatumize, aone yankho likubwera chifukwa cha zimene walemba. Aphunzitsi nawonso akhoza kutenga uthenga wodukaduka wa pa foni n'kuuza kalasi kuti iulembenso moti wogulitsa ayankhe kamodzi n'kutha, ndi chifupikitso chomwecho koma chokhala ndi mwini wake woti achiwerenge.

Ngati geni yanu yayamba kukula ikani WhatsApp Business, ndi yaulere ndipo yakhalapo kuyambira 2018. Muli malo oika katundu ndi mitengo yake, muli uthenga wolonjera amene wakulemberani koyamba, komanso mayankho osungiratu. Khalani pansi tsiku limodzi madzulo mulembe mayankho a mafunso amene amabwera tsiku ndi tsiku, muli kuti, mumatsegula nthawi yanji, mumatumiza bwanji kunja kwa mzinda, ndalama titumize pati, muwalembe mosathamanga, wina awaone ngati akumveka, kenaka muwasunge. Nambala ya bizinesi isiyane ndi ya macheza ngati mungakwanitse. Ndipo maoda onse amene ali ndi dipoziti akopereni mu hadikava madzulo alionse, dzina, katundu, yaperekedwa, yatsala, deti, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo amene anakupatsani ndalama adzabwerabe Loweruka kudzatenga keke yawo.